Kukonza nokha kudontha kwa madzi a mu injini ndi mapaipi opumira

Galimoto ikayamba kumwa madzi, eni ake ambiri amangozolowera kuyenda ndi chigubu kumbuyo, n'kumathira m'mawa uliwonse asanalize injini. Chizolowezi chimenechi chimaoneka chosawononga ndalama, koma chapha injini zambiri, chifukwa madziwo amadzathera pamene injini ikugwira ntchito yolemetsa kwambiri, galimoto itadzaza katundu pa mtunda wa Chiweta, wa Khwekhwelere kapena wochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala. Chomvetsa chisoni n'chakuti chimene chikudontha nthawi zambiri chimakhala paipi ya labala, kilampu yotopa kapena chotsekera cha radiyeta, zinthu zoti munthu wodekha angathe kusintha pakhomo pake.

Malangizo awa akutsata injini ya Toyota yotchedwa 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene ili mu Probox, Sienta, Ractis, Corolla Axio ndi Fielder zambiri zochokera ku Japan, koma njira yake ndi yomweyo pa magalimoto ambiri a petulo. Ndaphatikiza ntchito ziwiri dala. Mapaipi a madzi amapangidwa ndi labala wopirira kutentha koma wosapirira oyilo, choncho valavu yopumira (yotchedwa PCV, imene imatulutsa mpweya woipa m'kati mwa injini) ikatsekeka n'kuyamba kukankhira oyilo kunja kwa injini, oyiloyo amanyowetsa mapaipi a madzi, labala n'kufufuma ndi kufewa mpaka kuphulika. Munthu amene wasintha paipi koma wasiya oyilo akuchuchabe pamalo omwewo adzagulanso paipi ina.

Kukonzekera

Ntchitoyi imagwiridwa injini itazizira kotheratu, ndipo nthawi yabwino ndi m'mawa galimoto itagona usiku wonse. Madzi a mu injini yotentha amakhala opanikizika, ndipo kutentha kwake kumatha kupitirira madigiri 100 osawira. Mukangomasula chotsekera, amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kukuthirani kumaso ndi m'manja. Musanagwire chotsekera, finyani paipi yaikulu ya pamwamba pa radiyeta ndi dzanja. Ikakhala yolimba kapena yofunda, dikiranibe.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, ndipo chotsani kiyi. Fani ya radiyeta imayenda ndi magetsi, choncho ngati manja anu azilowa pafupi nayo, masulani waya wa batire wa mbali yolembedwa chizindikiro cha kuchotsera. Mufunika pulaya, sikuludiraiva, masipanala kapena masoketi a 10 ndi 12, tochi, beseni lalikulu lathyathyathya, fanelo, nsanza, mpeni wakuthwa ndi katoni yoyera. Coolant, madzi a mankhwala oziziritsa injini, ndi poizoni: muli mankhwala otchedwa ethylene glycol amene amatsekemera pakamwa koma amawononga impso, ndipo pang'ono pokha pamapha galu kapena mphaka. Ana asayandikire beseni, ndipo wotsala musamuike m'botolo la chakumwa ngakhale kwa kanthawi kochepa.

Kupeza pamene pakudontha

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu ambiri amafulumira. Madzi akatuluka pamwamba amatsetsereka ndi khoma la injini, amauluzidwa ndi fani, n'kukagwera pansi kutali ndi pamene achokera, kotero kuti malo amene dontho lagwera sakuuzani zambiri. Yambani mwa kuyala katoni pansi pa injini madzulo, galimoto itangofika kuchokera paulendo. M'mawa onani mtundu wa madontho. Coolant wa Toyota amakhala wa pinki kapena wofiira, wa makampani ena wobiriwira kapena wabuluu, ndipo amaterera pang'ono m'zala komanso amanunkhira motsekemera. Madzi oyera opanda fungo amene amadontha chakumbuyo kwa injini mukagwiritsa ntchito eyakoni si vuto ayi, amenewo ndi mame chabe.

Kenako pukutani injini ndi nsanza mpaka iume, makamaka m'malo olumikizirana mapaipi, ndipo yang'anani ndi tochi ngakhale kuli masana. Coolant akauma amasiya zoyerayera zokakamira, zooneka ngati mchere wothimbirira pinki, ndipo zimenezi ndi mboni yabwino kuposa dontho lenileni. Zitsatireni chokwera mpaka pamene zayambira.

Yambani ndi chotsekera cha radiyeta, chifukwa ndi chotsika mtengo ndipo chimaiwalika. Pamwamba pake pamalembedwa mphamvu yake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1, ndipo ntchito yake ndi kusunga mpanipani umene umachititsa madzi kuchedwa kuwira. Izi n'zofunika kwambiri kumtunda, chifukwa ku Lilongwe, kumene kuli pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, madzi a mumphika amawira pa madigiri 96 kapena 97, pomwe chotsekera chabwino cha 1.1 chimawasunga osawira mpaka kufika cha m'ma 120. Chitembenuzeni muone malabala ake awiri. Akakhala ong'aluka, ouma kapena ophwatalala, kapena sipuling'i yake ikakhala yofooka mukaidina, madzi amathawira m'botolo la pambali n'kusefukira panja pamene mukuyenda, ndipo mukaima simuona dontho lililonse. Gulani china cha mphamvu yofanana ndi chakalecho, osati yoposa.

Mukachoka pamenepo, onani radiyeta. Ya galimoto zimenezi ili ndi mathanki a pulasitiki pamwamba ndi pansi kapena m'mbali, opanidwa ku thupi la aluminiyamu ndi timano tachitsulo. Pulasitiki ikakalamba imasintha mtundu kuchoka pa wakuda kupita ku wofiirira ngati khofi, ndipo imachita ming'alu yopyapyala pafupi ndi khosi la chotsekera kapena polowera paipi ya pamwamba. Yendetsani chala m'mbali monse mwa timano tija kuti mumve ngati pali chinyontho.

Mapaipi aakulu awiri a radiyeta afinyeni kuyambira kumapeto kwina kufika kwina. Paipi yabwino imakhala yolimba mofanana ponseponse ndipo imabwerera mukaisiya. Yofewa ngati buledi, yotupa pafupi ndi kilampu, kapena yolira mkati ngati muli mchenga, yatha. Musaiwale mapaipi awiri ang'onoang'ono opita ku hita, amene amalowa m'khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, komanso timapaipi towonda topita ku throttle body, khomo limene limatsegukira mpweya wolowa mu injini mukaponda moto. Timeneti timabisala pansi pa zinthu zina ndipo ndi timene timanyenga anthu ambiri. Kapeti ya kutsogolo ikakhala yonyowa, galasi likamachita nkhungu yonona m'kati ndipo m'galimoto mukumveka fungo lotsekemera, ndiye kuti ikudontha ndi hita yeniyeniyo kuseri kwa dashibodi.

Pampu ya madzi ili mbali imene kuli lamba, ndipo ili ndi kabowo kakang'ono kotulutsira madzi pamene silo ya m'kati, chotchinga kuti madzi asatuluke, yayamba kutha. Kachizindikiro kochepa kouma pamenepo si kodetsa nkhawa, koma mzere wonyowa wotsika pansi, kapena gudumu la pampu likamagwedera mukaligwedeza lamba atamasulidwa, ndiye kuti pampuyo ndi yosintha.

Ngati mwayang'ana monsemu osapeza kanthu, bwerekani kwa makaniko pampu yoyesera mpanipani, imene imamangidwa pamalo a chotsekera. Popani mpaka nambala yolembedwa pa chotsekera, osapitirira, ndipo dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Muvi wa geji ukamatsika, madzi aonekera pamalo olakwika injini ili chizizirire, ndipo mutha kulowetsa dzanja popanda kupsa. Popanda chida chimenechi, wazani paudala wa ana m'malo okayikitsa, lizani injini mpaka itenthe, izimitseni, ndipo onani pamene paudala wanyowa.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka muyenera kuima kaye. Madzi akamatha popanda dontho lililonse kunja, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wokhuthala ngakhale injini itatentha, m'khosi mwa radiyeta mukutuluka thovu losalekeza injini ikulira, kapena oyilo wa pa dipstick (kachitsulo koyezera oyilo) wasanduka ngati tiyi wamkaka, kawirikawiri vuto limakhala pa gasiketi ya mutu wa injini, chomatira cha pakati pa mutu ndi thupi la injini. Imeneyo si ntchito ya pulaya ndi beseni, ndipo galimoto isayendenso mpaka makaniko ataiona.

Kusintha chimene chawonongeka

Ikani beseni pansi pa radiyeta, masulani chotsekera, kenako tsegulani kampopi ka pulasitiki kamene kali m'munsi mwa radiyeta. Kapotozeni ndi zala, ndipo kakakana musakakakamize ndi pulaya chifukwa kamathyoka msanga; m'malo mwake masulani paipi ya pansi, madzi atulukire pamenepo.  Ngati coolant ndi watsopano ndipo beseni ndi loyera, mutha kumusefa ndi nsalu n'kumubwezeretsa, koma wadzimbiri muikeni m'chigubu chotseka bwino, ndipo asathiridwe mu ngalande, m'dimba kapena pafupi ndi chitsime.

Makilampu a Toyota ndi a sipuling'i: mumapana makutu ake awiri ndi pulaya n'kuwakankhira pakati pa paipi. Paipi yakale imamatirira pa khosi, ndiye igwireni ndi nsanza, ipotozeni uku ndi uku mpaka imasuke, kenako ikokeni. Ikakana, ing'ambeni ndi mpeni m'litali mwake pang'onopang'ono n'kuisenda. Musalowetse sikuludiraiva pakati pa paipi ndi khosi la radiyeta kuti muikanule, chifukwa khosi la pulasitiki yokalamba limangobenthuka, ndipo ntchito ya paipi imodzi imasanduka yogula radiyeta yonse.

Khosi likaonekera, lipaleni mofatsa kuchotsa zokakamira ndi zotsalira za labala, mpaka chala chizitsetsereka popanda chokodola. Yerekezani paipi yatsopano ndi yakale kuti muone ngati kupindika ndi kukula kwake n'kofanana. Lowetsani makilampu pa paipi musanaimange, nyowetsani m'kamwa mwake ndi coolant pang'ono, osati girisi kapena oyilo, ndipo ikankheni mpaka ifike kumapeto. Khosi lililonse lili ndi mlomo wotukuka kunsonga kwake. Kilampu iyenera kukhala kuseri kwa mlomo umenewo, osati pamwamba pake. Ine ndimakonda makilampu a sipuling'i kuposa omanga ndi sikulu, chifukwa amatsatira labala pamene akufufuma ndi kutentha n'kunyala ndi kuzizira, pomwe a sikulu amakhala pamene mwawasiya ndipo ena amadula labala akamangidwa mopitirira. Ngati mwagwiritsa ntchito a sikulu, adzafunika kuwonjezera kumanga pakapita masiku angapo. Waya wopotokola kapena malegeni ndi zofikira nazo kunyumba basi.

Thanki ya pulasitiki yong'aluka imafuna radiyeta ina. Guluu amagwira kwa masabata ochepa, kenako mng'alu umapitirira pansi pake. Posintha radiyeta mumachotsa mapaipi awiri, pulagi ya fani ndi mabawuti a pamwamba, n'kuinyamula chokwera pamodzi ndi fani; pa galimoto zina za giya yosintha yokha palinso timapaipi tiwiri ta oyilo wa giya m'munsi, timene tiyenera kutsekedwa kuti fumbi lisalowe, ndipo oyilo wotayikayo abwezeretsedwe.

Mankhwala othira mu radiyeta otseka podontha, komanso mazira, sopo kapena fodya amene ena amathira, amatseka bowo limodzi pamodzi ndi timipata topyapyala ta radiyeta ndi hita, ndipo injini imadzatentha pambuyo pake popanda chifukwa chooneka. Chimodzimodzinso kuchotsa thermostat (kavalavu kotsegula njira ya madzi opita ku radiyeta injini ikatentha), kumene makaniko ena amalimbikitsa ponena kuti kwathu n'kotentha. Thermostat ya injini imeneyi imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, ndipo ikachotsedwa injini imachedwa kufika pa kutentha koyenera, kompyuta imathira petulo wambiri, ndipo chinyezi chimatsalira mu oyilo n'kupanga matope amene amatseka valavu yopumira. Thermostat yowonongeka isinthidwe ndi ina, pamodzi ndi labala wake, ndipo kachitsulo kogwedera kamene kali m'mphepete mwake kayang'ane kumwamba kuti mpweya uzitha kudutsa.

Kuthira madzi ndi kutulutsa mpweya

Madzi a pa mjigo kapena pa chitsime asalowe mu injini, chifukwa mchere wake umakakamira m'kati mwa radiyeta ndipo aluminiyamu imadyeka. Coolant wa pinki wa Toyota, Super Long Life Coolant, amabwera wosakaniza kale ndipo sathiridwanso madzi. Wobwera ndi galimoto yatsopano amasinthidwa pa makilomita 160,000, kenako pa 80,000 aliwonse. Mukagula wokhuthala wofuna kusungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere amene amagulitsidwa ngati madzi a batire, ndipo werengani botolo mosamala kuti musatenge asidi wa batire. Mitundu yosiyana ya coolant isasakanizidwe. Ngati simukudziwa amene analimo, tsukani ndi madzi oyera mpaka otuluka akhale oyera, kenako thirani mtundu umodzi.

Tsekani kampopi ka pansi, ikani hita pa kutentha kwambiri, ndipo thirani pang'onopang'ono kudzera pa fanelo, mukufinya mapaipi aakulu kuti thovu lituluke. Radiyeta ikadzaza mpaka m'khosi, thiraninso m'botolo la pambali mpaka pa mzere wolembedwa FULL. Bwezeretsani waya wa batire, lizani injini chotsekera chili chotsegula, ndipo muisiye izilira yokha. Madzi adzatsika pamene thermostat yatseguka, ndipo mudzadziwa chifukwa mapaipi onse awiri adzatentha. Wonjezerani pang'onopang'ono, manja ndi zovala zili kutali ndi fani ndi lamba. Thovu likaleka ndipo madzi ayamba kukwera m'khosi, tsekani chotsekera, dikirani fani iyake n'kuzima kawiri, maso ali pa geji kapena pa nyali ya kutentha, ndipo imvani ngati hita ikutulutsa mpweya wotentha. Hita ikamapereka mpweya wozizira injini itatentha, kapena kuseri kwa dashibodi kukumveka madzi akuyenda, ndiye kuti mpweya udakalimo; zimitsani, dikirani izizire, wonjezerani madzi ndipo bwerezani. Kuimika galimoto mutu uli chokwera pang'ono kumathandiza mpweya kubwera ku khosi.

Mapaipi opumira ndi valavu ya PCV

Injini ikamalira, mpweya wina wa moto umapyola m'mbali mwa mapisitoni n'kulowa kumene kumakhala oyilo. Mpweya umenewu uli ndi nthunzi ndi petulo wosapsa, ndipo umayenera kutuluka. Pa chivundikiro cha pamwamba pa injini pali mapaipi awiri a ntchito imeneyi: ina imachokera pa valavu ya PCV kupita ku manifodi (mapaipi ogawira mpweya wolowa mu injini), kumene mpweya woipawo umayamwidwa n'kukapsa, ndipo inayo imachokera pa paipi yaikulu ya mpweya, pakati pa fyuluta ndi throttle body, kubweretsa mpweya wabwino.

Valavu ikatsekeka ndi matope a oyilo, mpanipani umakwera m'kati, ndipo oyilo amafuna potulukira: pa gasiketi ya chivundikiro, pa masilo a crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza), kapena kubwerera m'paipi ya mpweya mpaka kunyowetsa fyuluta. Pansi pa chotsekera cha oyilo pamatha kuoneka zonona zoyera, zimene ambiri amathamangira kunena kuti ndi gasiketi ya mutu, pomwe ngati oyilo wa pa dipstick ali bwino ndipo madzi sakutha, kawirikawiri chimakhala chinyezi cha maulendo aafupi ndi valavu yosapuma. Valavu ikakanirira chotseguka, kapena paipi yake ikang'aluka, injini imayamwa mpweya wosawerengedwa, imanjenjemera ikaima, imatha kulira mluzu, imadya oyilo, ndipo nyali ya check engine imatha kuyaka, makina oyezera vuto n'kuonetsa nambala ya P0171.

Injini ikulira yokha, panani paipi ya PCV pang'ono ndi pulaya yokutira nsanza. Valavu yamoyo imamveka kugunda kamodzi ndipo kulira kwa injini kumasintha pang'ono. Kenako zimitsani, dikirani izizire, chotsani chivundikiro cha pulasitiki chimene chimakuta cha pamwamba pa injini chija, kankhani kilampu ndi kuvula paipi. Labala wa pamenepa amauma ndi kutentha mpaka kulimba, ndiye mupindeni muone ngati pali ming'alu kunsi ndi kumapeto, ndipo suzumirani m'kati ngati mwadzaza matope. Pa 1NZ-FE valavu ili ndi mazinga ndipo imamasulidwa ndi soketi yaitali kapena sipanala yoikwana bwino. Pa injini zakale monga 5A-FE imangolowetsedwa mu labala wozungulira, amene akauma amaphwanyika. Mutulutseni mosamala kuti zidutswa zisagwere m'kati mwa injini, ndipo ikani watsopano.

Igwedezeni valavu pafupi ndi khutu. Yabwino imalira momveka, yamatope imakhala chete kapena imalira mogontha. Kuti mutsimikize, lumikizani kapaipi koyera n'kuuzira: kuchokera mbali ya injini mpweya uyenera kudutsa mosavuta, kuchokera mbali ya manifodi uyenera kuvuta kudutsa. Muziuzira, musamayamwe, chifukwa zimene zili m'katimo n'zoipa m'thupi. Kuitsuka ndi mankhwala otsukira kabureta kumathandiza kwa kanthawi, koma sipuling'i yake imatopa ndithu, ndipo valavu yatsopano si yodula poyerekeza ndi silo ya crankshaft. Yatsopanoyo iyambeni ndi zala kuti mazinga agwirane bwino, kenako mangani ndi sipanala mpaka ikhale, osakakamiza, chifukwa chivundikiro chimene imalowamo ndi cha aluminiyamu ndipo mazinga ake amatha msanga.

Paipi yopumira isinthidwe ndi yopangidwira ntchito imeneyo kapena ina yopirira oyilo ndi petulo. Chidutswa cha paipi ya madzi chimafewa, ndipo mbali ya manifodi chimaphwatalala ndi kuyamwa kwa injini n'kutseka njira. Musaisiye yolendewera kuti izipumira panja monga ena amachitira, chifukwa fumbi la m'misewu yathu limalowera pomwepo kupita mu oyilo. Tsukani kachubu kolowera ku manifodi, bwezeretsani makilampu, ndipo pukutani oyilo yense amene anali pa mapaipi a madzi ndi nsanza yoviikidwa m'madzi a sopo. Ngati gasiketi ya chivundikiro ikupitiriza kuchucha valavu itasinthidwa, nayonso yauma ndipo isinthidwe.

Mukamaliza, yendani ulendo waufupi wokhala ndi kamtunda, maso ali pa geji, ndipo pobwerako yalani katoni yatsopano. M'mawa mwake, injini itazizira, tsegulani chotsekera cha radiyeta muone ngati madzi ali m'khosi, ndipo lembani kamzere ndi cholembera pa botolo la pambali pamene madzi afika. Kutsika pang'ono pa tsiku loyamba kapena lachiwiri ndi mpweya wotsala umene ukutuluka, ndipo mumangowonjezera. Madzi akapitiriza kutsika pansi pa kamzereko sabata itatha, bwererani ndi tochi pa malo onse amene munamasula, kuyambira pa makilampu, ndipo ngati ponsepo pali pouma, pitani nayo galimoto kukayezetsa gasiketi ya mutu.